Kachidutswa ka Mkungudza m'Buku Lachitatu

Tadala ndi Chisomo, za kumudzi kumene ndinabadwira munazimva mpaka makutu kuwawa, choncho pano sindibwerezanso. Ndiyambira pa ntchito, ndipo ndikufuna mudziwe bwino munthu mmodzi amene munkangomva dzina lake amayi anu akamadandaula kuti ndikumaliza palafini ndi mabuku a afiti.

1996

Ndinafika ku Likhubula, patsinde pa phiri la Mulanje, dziko litangolowa kumene m'ndale za zipani zambiri, nthawi imene aliyense, ngakhale wogulitsa nthochi, anali ndi maganizo a momwe boma liyenera kuyendera. Ndisanapite kumeneko ndinkadyera maganyu a pa sikelo ku minda ya tiyi, kotero ukalaliki wa pa ofesi ya zankhalango unali ntchito yanga yoyamba ya pamwezi. Ndinkalemba alendo okwera phiri, kuwagawira onyamula katundu motsata mzere kuti pasabuke ndewu, ndi kutumiza palafini, sopo ndi makandulo kwa alonda a nyumba zogona alendo za pamwamba pa phiri. Bwana wanga woyamba anali a Kachingwe, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankakhulupirira kuti kalaliki akakhala chete ndiye kuti akuba kanthu. Taipilaita yathu inali ndi chilembo chimodzi chakufa, ndipo riboni ikauma tinkaidontheza mafuta a makina osokera kuti ilembeko pang'ono. Sindinadandaule. Ndinali ndi tebulo langalanga ndi zenera loyang'ana kuphiri.

Nyengo ya mvula alendo amasowa. Ndinkangokhala kumvera mtsinje ukulira, mpaka tsiku lina ndinatsegula kabati ya zinthu zoiwalika n'kupezamo buku lotupa ndi chinyontho, pachikuto pake pali chombo chachikulu chikuyandama pakati pa nyenyezi. Ndinaliyamba chifukwa chosowa chochita. Inali nkhani ya anthu amene ananyamuka padziko lino kukafuna dziko lina, ulendo wautali moti amene anakwera anafera m'njira, ana awo chimodzimodzi, ndipo zidzukulu zobadwira m'chombomo zinkakangana ngati mvula ndi chinthu chenicheni kapena bodza la makolo. Ine mwana wa ku Mulanje, kunja mvula ili pakalapakala padenga, ndinaseka ndekha. Kenako kusekako kunatha. Kusukulu tinkawerenga kuti tikhoze mayeso, ndipo palibe anandiuzapo kuti kuli mabuku amene wolemba wake amamanga dziko lonse latsopano, ndi malamulo ake ndi miyambo yake, n'kukuitana kuti ukakhalemo.

Ndisanalimalize kunabwera a Namakhwa, mkulu wa onyamula katundu, bambo wa imvi amene ankakwera phiri atavala nkhwayira ngati akupita kudimba. Anati mlonda wa nyumba ya alendo ya ku Lichenya, pamwamba pa phiri, akufunsa ngati mzungu wina wamkazi anasiya buku la chombo, poti anamulonjeza koma anaiwala n'kutsika nalo. Ndinafunsa kuti mlonda buku la Chingerezi alitani, kapena akufuna loyatsira moto. A Namakhwa anati ndikadzafunse ndekha ndikadzakwera. Ndinalimaliza mothamanga n'kulipereka monyinyirika. Sabata yotsatira linabwerera litakulungidwa m'jumbo ya shuga, pamodzi ndi lina la chinjoka cha mapiko pachikuto. M'kati mwa lachiwirilo munali kachidutswa ka mkungudza wouma, kotalika ngati chala, ndipo masamba onse ankanunkhira. Uthenga unali wapakamwa: akuti musaliweruze musanafike pamene pali kamtengoko.

Ndinaonana ndi mlondayo, a Domingo, maso ndi maso nditakwera kukayendera katundu wa m'nyumba yawo ya alendo. A Domingo anali munthu wamtali, wowonda, wolankhula Chichewa chomveka Chilomwe m'kati. Anali mphunzitsi ku Mozambiki, kuseri kwa phiri lomweli, ndipo nkhondo itafika pasukulu pawo anathawa atabereka mwana wawo wamkazi, Rozita. Mayi a mwanayo sanafike nawo kumalire. Mtendere utabwera anzawo anakwera malole kubwerera, iwo anakana. Rozita anakulira kwa abale ku Milonde n'kudzakwatiwa komweko, iwo n'kupeza ulonda pamwamba pa phiri. Chingerezi anachiphunzira m'mabuku osiyidwa ndi alendo, mothandizidwa ndi kadikishonale ka Chipwitikizi kothothoka masamba, moti akachilankhula azungu ankangogwedeza mutu mwaulemu osatolapo kanthu. Tinakhala pakhonde mpaka tiyi kuzizira, tikukangana za buku la chombo lija. Ine ndinati zidzukuluzo zinali zopusa. Iwo anayang'ana kumbali ya kwawo kanthawi ndithu.

"A kalaliki," anatero, "ana obadwira mumsasa wa othawa nkhondo ankandifunsa ngati n'zoona kuti kwathu tinali ndi mitengo yathuyathu ya malalanje. Ndikawauza kuti inde, ankaseka ngati mmene mwasekeramu."

Ndinatsika phiri tsiku limenelo ndikudziwa kuti ndapeza mnzanga.

1999 mpaka 2006

Mwambo wathu unakhazikika wokha. Alendo sakonda kutsika ndi katundu wolemera, choncho mabuku ambiri ankatsala kwa a Domingo, ena n'kutsala kwa ine. Aliyense akawerenga ankaika kachidutswa ka mkungudza patsamba limene mtima wake unagwidwa, n'kutumiza kwa mnzake. Buku likabwera lopanda kamtengo, tanthauzo lake linali loti werengani ngati mulibe china chochita. Makalata sitinkalemberana. Mawu onse ankayenda m'kamwa mwa a Namakhwa, amene sankadziwa kuwerenga koma ankathiramo mchere wawo m'njira. Ankawatcha mabuku a bodza, komabe sankanyamula buku ndisanawafotokozere nkhani yake, ndipo pofika pakati pa phiri onyamula katundu onse amakhala atagawikana, ena kumbali ya chinjoka, ena kumbali ya mfumukazi. A Namakhwa ankati chinjokacho ndi Napolo yemweyu, kungoti wa azungu anamera mapiko poti kwawo mitsinje ndi yopanda mphamvu. Lamulo lalikulu linali loti palibe wouza mnzake mapeto a nkhani. Tsiku lina a Namakhwa anaulula mapeto amene ndinawanong'oneza, ndipo a Domingo anawamana tiyi mpaka mwezi unatha.

Buku limene linatigwira kuposa onse linabwera ndi mlendo wina wa ndevu. Linkanena za dziko limene mapiri ake amayenda, pang'onopang'ono, midzi ili pamsana pawo. Mayi wina wogulitsa mchere anatsika kuchigwa kukafuna mankhwala a mwana wake, anachedwa ndi madzi osefukira, ndipo pobwerera anapeza phiri lake lanyamuka, patsala chidzenje chokha. Nkhani yonse inali ya mayiyo kulondola phiri lake. Ndinatumiza uthenga woti akulu akale ankati mapiri okha ndiwo sakumana, koma m'bukuli ngakhale mwambiwo wagwa. A Domingo anabweza kuti ndisiye nthabwala ndiwerenge bwino. Patsamba lomaliza tinapeza mawu otipweteka, akuti nkhaniyi ili m'mabuku atatu ndipo ili ndi loyamba chabe. Kuyambira pamenepo mlendo aliyense wofika pa tebulo langa ndinkamufunsa za mapiri oyenda ndisanamufunse kumene akugona, mpaka a Kachingwe anandichenjeza kuti ofesi ya boma si malo ofunsirapo maula.

Chaka cha njala chija alendo anachepa, ndipo mabuku anachepa nawo. Tinkabwereza akale omwewo, kamtengo n'kumasuntha malo, chifukwa munthu wanjala amagwidwa mtima ndi tsamba lina, kawirikawiri lija anthu akudya. A Domingo ankatumiza ufa wawo kwa Rozita, iwo n'kumatafuna makaka. Mabuku awiri anathera m'njira, anthu atapichirira fodya masamba ake, ndipo sindinakalipe chifukwa ndinkaona nkhope zawo. Amayi anu nawo anali pankhondo yawo. Ankati munthu wa mumpingo sasunga m'nyumba zithunzi za njoka zouluka, ndipo abusa akamabwera ankavundikira mabuku anga ndi chitenje.

Mu 2004 ananditumiza ku ofesi ya pa Boma. Ntchito yake inali ya mafayilo okhaokha, ndipo phiri ndinkaliona chapatali, fumbi la maminibasi lili pakati. Ubwino wake unali umodzi: ndinkatumidwa ku Blantyre, ndipo pobwerera ndinkatsika ku Limbe kukagwada pa mabuku a kaunjika oyalidwa m'mbali mwa msewu. Kumeneko, pansi pa mulu wa mabuku a masamu, ndinapeza lachiwiri la mapiri oyenda. Ndinalikumbatira pachifuwa, wogulitsa n'kuona, mtengo n'kukwera nthawi yomweyo. Sindinalitsegule ngakhale m'minibasi. Ndinalitumiza ku Lichenya kuti ayambe ndi a Domingo, ndipo pa zonse zimene ndinachitirapo munthu, imeneyi ndiyo inandivuta kwambiri. Linabwerera ndi tizidutswa tiwiri, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Mayi wa mchere uja anali atakalamba, phiri lake akuliona patsogolo koma osalipeza, ndipo buku linathera pomwepo.

2009

Nditabwerera ku Likhubula ndinapeza bwana watsopano, Mayi Mhango, munthu wa kumpoto wosakonda mawu ambiri, amene ankafuna kumva chinthu kamodzi ndiponso choona. Anandipatsa udindo woyang'anira alonda onse a pamwamba. Kusinthana mabuku kunapitirira, koma m'chaka chimenechi ndinayamba kuona zachilendo. Buku lina linabwera kamtengo kali patsamba limene anthu awiri akungofunsana njira ya kumsika. Ndinaganiza kuti mwina pali nzeru ina imene ine sindikuiona, ndipo ndinaliwerenga tsambalo mobwerezabwereza. Lina linabwera ndi uthenga woti ndi nkhani yabwino ya msilikali wolimbana ndi chilombo cha m'nyanja. Pachikuto panalidi msilikali ndi chilombo, koma m'kati munalibe nkhondo, chilombocho chinali bwenzi lake. Linanso linabwera kamtengo kali kumapeto kwenikweni, patsamba limene osindikiza amatsatsirapo mabuku ena. Ndinafunsa a Namakhwa ngati tizidutswato timagwa m'njira iwo n'kumangotibwezera paliponse. Anayang'ana pansi n'kunena kuti iwo amangonyamula.

Ndinakwera mwezi wa chisanu utatha, udzu utayamba kuuma. Ndinafika dzuwa lili pamutu, ndipo a Domingo anali pakhonde nkhope ili kunjira imene ndinkadzera. Ndinakweza dzanja, iwo osabweza. Ndinayandikira mpaka pa masitepe, ndipo anandidziwa nditapereka moni. Ndinaona chingwe chomangidwa kuchokera pamzati wa khonde kutsetsereka mpaka kumtsinje, china kupita kuchimbudzi, china ku mulu wa nkhuni. Kudzanja lawo lamanja kunali chipsera cha moto chatsopano. M'nyumba munali mwaukhondo kuposa kale, chinthu chilichonse pamalo pake. Anandiphikira tiyi osataya ngakhale dontho, ndipo ndinayamba kudzinamiza kuti mwina palibe vuto. Kenako chakumadzulo, kutali kumene kunali mikungudza yotsala, ndinaona kautsi kakukwera. Mlonda wa pamwamba ntchito yake ina ndi imeneyo, kuona utsi msanga n'kutumiza mthenga. Ndinawafunsa ngati akuuona.

"Mphepo ikatembenuka ndiununkhiza," anatero.

Kenako anandiuza okha kuti zinayamba chaka chapitacho, kuona kukuchepa kuchokera m'mbali ngati munthu akusuzumira mu nsungwi, ndipo tsopano zilembo zinasanduka nyerere. Zithunzi zikuluzikulu za pachikuto ankaziona pang'ono, ndiye ankapeka nkhani kuchokera pamenepo, kamtengo n'kukalowetsa pamene chala chagwera. Onyamula katundu onse ankadziwa. Ndiwo anamanga zingwezo, ndiwo ankawadulira nkhuni, ndipo anapangana kuti kalaliki asamve. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanangosiyira kutumiza mabuku. Anati akanasiya ndikanakwera msanga.

"Mundisiye kuno, amigo," anatero. "Nyumba ino ndimaidziwa ndi mapazi. Kumusi ndikakhala nkhalamba yakhungu ya pakhonde la mkamwini. Anandichotsa kale kamodzi pamalo panga. Kachiwiri ayi."

Sindinawalonjeze kanthu. Utsi uja unali wa anthu ofula njuchi ndipo unazima wokha, koma ndinatsika nawo m'mutu. Ana anga, pa zaka zonse za ntchito yanga palibe sabata imene inandilemera ngati imeneyo. Ndikakhala chete, mnzanga akhala pamalo pamene amapakonda, koma nyengo ya moto inali pakhomo, udzu wa ku Lichenya ukayaka umathamanga kuposa munthu wopenya, ndipo nkhungu ya chiperoni ikatsika ngakhale wamaso awiri amasochera n'kukagwera kuphompho. Chingwe chimapsa, chimaduka. Panalinso alendo amene amagona m'nyumbamo podalira kuti mlonda akuona. Ndikalankhula, ndimulanda munthu phiri lake. A Namakhwa anabwera kunyumba kudzandipempha kuti ndidikire mpaka mvula, ndipo ndinawafunsa kuti moto ukabwera mvula isanagwe adzanyamula ndani mtembo. Amayi anu, omwe aja odana ndi mabuku a afiti, ndiwo anandithandiza. Anati kuli bwino munthuyo akhale moyo n'kumadana nane kusiyana n'kuti ndikamuike m'manda akundikonda. Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi ya Mayi Mhango n'kunena zonse, kamodzi. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti munthuyo ndi mnzanga. Ndinati n'chifukwa chake ndabwera ndekha.

Mayi Mhango anawakonzera a Domingo zopuma pantchito mwaulemu, ndiponso galimoto yopita nawo kuchipatala. Ndinali ndi chiyembekezo choti ndi ng'ala, yoti madokotala angachotse, koma anati ndi nthenda ina imene imapha mtsempha wa diso mwakachetechete, ndipo chimene chapita sichibwerera. Tsiku lotsika phiri a Domingo anakana machira. Anayenda okha njira yonse dzanja lili paphewa la a Namakhwa, onyamula katundu ali pambuyo ndi kabokosi kawo, palibe woyimba kapena woseka. Pofika pa ofesi ndinatuluka kukawalonjera. Anaima, natembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga.

"Tinapangana kuti palibe wouza mnzake mapeto, a kalaliki. Inu mwandiuza anga."

Anakwera galimoto osandipatsa dzanja. Mpaka lero ndimati ndinachita zoyenera, ndipo zitabwereranso ndikhoza kuchita zomwezo. Koma mawu amenewo anandilasa, ndipo bala lake silinapole.

2010 mpaka 2016

Miyezi inapita ndisanalimbe mtima. Alendo ankasiyabe mabuku, ine n'kumawerenga, koma ndikafika patsamba logwira mtima ndinkasowa womuuza, ndipo kukoma kwake kunkathera m'kamwa. Loweruka lina ndinanyamula buku loyamba la mapiri oyenda n'kupita ku Milonde. Rozita anandilandira bwino, nandiyalira mphasa pakhonde, koma anabwerako m'nyumba ali wamanyazi, akuti bambo akuti agona. Dzuwa linali lisanafike n'pamutu pomwe. Ndinaona kuti zenera la chipinda chawo lili pafupi ndi pamene ndinakhala, lotsekedwa ndi kansalu kokha. Ndinatsegula buku n'kuyamba kuwerenga mokweza, nkhuku zokha zikundimvera. Nditamaliza mutu umodzi ndinatsazika n'kubwerera. Loweruka lotsatira ndinapitanso. Anthu opita kumsika anayamba kundizolowera, ena ankaganiza kuti ndine wa mpingo wina watsopano wopemphera m'Chingerezi. Rozita ankandipatsa chinangwa chophika ndi tiyi, nthawi zina kalongonda, ndipo amayi anu ankati ndikupita kukalalikira khoma. Chaka chimene mafuta a galimoto anasowa, maminibasi atafola pa malo omwetsera mafuta, ndinkapalasa njinga ulendo wonsewo, matako n'kumandikumbutsa zaka zanga.

Ndinali m'kati mwa buku lachiwiri pamene kansalu kaja kanagwedezeka.

"Mukuthamanga," anatero mawu a m'katimo. "Mayiyo akuwoloka mtsinje atasenza mchere, inu mukuwerenga ngati mukuthawa ngongole. Bwererani poyambira mutu."

Ndinabwerera poyambira. Sabata yotsatira ndinapeza mpando uli pakhonde, iwo atakhalapo, atavala jekete lawo la kuphiri. Za ku Lichenya sitinazikambe tsiku limenelo, ndipo sitinadzazikambenso. Anangondifunsa kuti kwabwera mabuku otani chichokereni iwo, ndipo ndinawafotokozera limodzilimodzi, iwo n'kumasankha loti tidzawerenge. Kuwerengera munthu mokweza n'kosiyana ndi kutumizirana. Ankandiimitsa pakati pa chiganizo kuti titsutsane, ankalosera zimene zichitike n'kumalakwitsa mosangalala, ndipo pofika pamalo okoma ankamenya ndodo pansi n'kunena kuti apa ndiye pa mkungudza.

Iwe Tadala, mwina unaiwala kuti buku lachitatu unalipeza ndiwe, utangoyamba ntchito ku Lilongwe. Ndinakutopetsa ndi kulitchula mpaka unafunsa mnzako wina wopita kunja kuti akalifune. Unalitumiza pa basi ndi mawu oti mwina tsopano tipumako. Ndinapita nalo ku Milonde lili m'pepala lake, ndipo a Domingo analisisita mbali zonse, kulinunkhiza, n'kuliyeza kulemera m'manja. Anati tisalidye ngati anjala. Tinkawerenga mutu umodzi pa ulendo, nthawi zina theka, ndipo linatitengera chilimwe chonse ndi dzinja lake. Mayi wa mchere uja anadutsa m'chipululu, anagulitsa zonse anali nazo, maso ake nawo anayamba kuchita mdima. Apa a Domingo anaseka n'kunena kuti wolembayu ayenera kuti anagonapo ku Lichenya. Potsiriza phiri lija linafika m'mphepete mwa nyanja yaikulu n'kuima, poti kunalibenso kopita, ndipo mayiyo anafika patsinde pake, namva tambala akulira m'mudzi wa pamwamba. Unatsala mutu umodzi, wamasamba ochepa. Ndinanyowetsa chala kuti nditembenuze tsamba, koma dzanja lawo linagwira langa. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kachidutswa ka mkungudza, kakale, kosalala chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anafufuza ndi zala pakati pa bukulo, nakalowetsa, n'kulitseka.

Ndinawakumbutsa kuti tadikira zaka zoposa khumi kuti tidziwe ngati mayiyu akwere.

"Ndikudziwa," anatero. "Koma likatha, mudzabweranso kudzatani kuno?"

Ndinawauza kuti mabuku ndi ambiri padziko, ndidzabwerabe. Anati n'zoona, ndipo tiwerenge ambiriwo, koma ili likhale chikole. Tinachitadi zimenezo. Tinawerenga la mzinda womangidwa pansi pa madzi, la makina amene anaphunzira kulira maliro, ndi ena oiwalika amene sanayenere kamtengo. Nthawi zina ndinkawanyengerera kuti titsegule mutu uja, iwo n'kumati Loweruka likubwerali. Anamwalira m'nyengo ya mvula ya 2016, m'mawa wa pakati pa sabata, atadwala chibayo masiku ochepa. Pa maliro a Namakhwa anandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona ngati mayi wa mchere uja anafika kwawo. Ndinawauza kuti sindikudziwa, ndipo sanandikhulupirire.

Tsopano

Ndinapuma pantchito mu 2019. Amayi anu atatisiya, nyumba ino inakula, ndipo chimene chimandisunga ndi mabuku amene mumanditumizira pa foni. Ndikuthokoza, ngakhale foni ilibe poika kamtengo ndiponso sinunkhira kanthu. Chimene chimandisangalatsa n'choti masiku ano nkhani zoterezi akulembanso anthu akuda anzathu, zochitikira m'midzi yonga yathu. Limene ndamaliza mwezi uno ndi la mtsikana woyendetsa kabaza m'mzinda wa m'tsogolo momwe mvula imagulitsidwa ndi kampani, ndipo iwe Chisomo, amene umati nkhani zoterezi n'zachibwana, uliyambe, usaliweruze usanafike pamene agogo ake akubisa mtambo m'nkhokwe. Limene ndili nalo pano ndi la asodzi okawedza pa mwezi, likuyenda mwaulesi koma sindinalitaye. Ndikafika pokoma ndimapezeka ndatembenukira kuphiri, pakamwa pali uthenga woti a Namakhwa akwere nawo, kenako n'kukumbukira kuti nawonso anagona. Ndimawasowa anthu amenewa. Ndimasowa munthu womuuza kuti werenga ili.

Mwaona kuti ndimakupemphani kuti muzindikulitsira zilembo pa foni. Ndinapita kuchipatala, ndipo akuti yanga ndi ng'ala wamba, adzaichotsa ikakhwima, choncho musatekeseke. Komabe chaona mnzako chapita, ndipo zilembo za m'mabuku a mapepala zayamba kale kundithawa. Buku lachitatu lija lili m'kabati ya kuchipinda, pansi pa jekete limene Rozita anandipatsa, kamtengo kali pomwe anakasiya eni ake. Ndakhala ndikulitulutsa, kulinunkhiza, n'kulibwezera. Ndekha sindingathe kulitsegula, ndipo tsopano ngakhale nditafuna maso sangandilole.

Mumandiuza kuti ntchito yachuluka, ndipo ndimamva, nanenso ndinagwirapo ntchito. Koma amene adzayambe kubwera mwa inu adzapeza mpando pakhonde ndi bukulo pampandopo. Masamba otsalawo ndi ochepa, munthu wothamanga akhoza kuwamaliza tiyi asanazizire. Ine ndidzakuimitsani pa tsamba loyamba, ndipo lachiwiri tidzawerenga ulendo wina.